Mbadwo wa Peter Mponda: kodi tiuyeze ndi chikho chomwe sudatenge?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene mudadutsa m'manja mwanga kuno ku Mangochi: Lero choko ndachiika pansi, ndikufuna tikambe za mpira. Koma tikambe ngati anthu a phunziro la mbiri, osati ngati masapota apadepoti amene wofuula kwambiri ndiye amapambana mtsutso. Nkhani yake ndi iyi: pali chizolowezi chomwe chakula pakati pathu, makamaka kwa anyamata oonera mpira wa ku Ulaya, choti ukangotchula dzina la wosewera wina kuti adali katswiri, mnzako amakudula pakamwa ndi funso loti, "Adatenga chikho chanji?" Ukasowa yankho, ndiye kuti mlandu watha. Ine ndikuti muyeso umenewu tikautsatira mpaka kumapeto, tifafaniza mbadwo wathunthu wa osewera a Flames, ndipo tikhala titalakwira mbiri ya dziko lathu.

Tiyambe ndi zomwe zidachitika. Timu ya dziko lino ya abambo idatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, chomwe masiku ano timachitcha CECAFA, katatu: mu 1978 itagonjetsa Zambia 3-2 konkuno kumudzi, mu 1979 itagonjetsa Kenya 3-2 kwawo komweko, ndi mu 1988 itagonjetsanso Zambia 3-1. Mu 1987 idabwera ndi mendulo yachitatu kuchokera ku masewero a All Africa Games ku Nairobi. Kuchokera 1988, kabati ya zikho ili gwaa. Mwana wobadwa chaka chimenecho lero ali ndi wake ku sekondale. Tidafika ndime yotsiriza ya chikho cha COSAFA kawiri motsatizana, mu 2002 ndi mu 2003, ndipo konse kuwiri tidagonja 4-1 titaphatikiza masewero akwathu ndi akoyenda, koyamba ndi South Africa, kachiwiri ndi Zimbabwe. Wina andikumbutsa za Plate ya COSAFA ya mu 2015. Ndikuidziwa, koma ija imalimbiranidwa ndi matimu amene atuluka kale mumpikisano weniweni, choncho tisadzinamize.

Ndiye kuti Peter Mponda (osati a mfumu Mponda athu a kuno, ndikunena wotchinga kumbuyo uja adali kaputeni), Esau Kanyenda, John Maduka, Patrick Mabedi, Joseph Kamwendo, Fischer Kondowe, Swadick Sanudi, Robert Ng'ambi, Russell Mwafulirwa, Chiukepo Msowoya, onsewa sadanyamulepo chikho chachikulu atavala jezi ya dziko lawo. Ena mwa iwo adatenga maligi ndi zikho kumakalabu kwawo, zimenezo palibe akukana. Mponda adali m'gulu la Bullets lija lidasandutsa ligi ya Malawi kukhala munda wake, kuitenga zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana kuyambira 1999 mpaka 2005. Koma wofunsa za chikho uja sawerengera zimenezo. Iye akufuna chikho cha dziko.

Sindikufuna kumunyoza wofunsayo, chifukwa ali ndi mfundo. Chikho ndi umboni wosaola. Zokamba za anthu zimasintha, chigoli chomwe munthu adamwetsa ali pafupi ndi golo, pakapita zaka makumi awiri chimasimbidwa kuti adachimenya ali pakati pa bwalo. Chikho sichikula kapena kuchepa, chaka chake chidalembedwa. Komanso mpira amasewerera kupambana. Wosewera wouza anzake kuti chikho n'chopanda ntchito, ine kutimu kwanga sindingamufune.

Vuto limayamba tikafunsa kuti chikho chake chiti. Tengani Kinnah Phiri. Olemba ziwerengero za mpira amamupatsa zigoli 71 mu jezi ya Flames, ndipo palibe Mmalawi wina adayandikirako. Adali m'timu yomwe idatenga chikho mu 1978 ndi 1979. Kwa ife, ameneyu ndi munthu wa zikho. Koma Kinnah yemweyo sadasewerepo ngakhale mphindi imodzi mumpikisano waukulu wa mayiko a mu Africa, wa AFCON. Pamene Malawi imapita koyamba kumpikisanowu ku Ivory Coast mu 1984, iye n'kuti atachoka kale kupita ku Swaziland, kutimu ya Manzini Wanderers. Munthu wa ku Cameroon kapena ku Egypt akayeza Kinnah ndi muyeso wathu womwewu, anena kuti sadatenge kanthu, chifukwa kwa iye CECAFA ndi kachikho ka m'mudzi. Wa ku Brazil akayeza wa ku Cameroon uja, nayenso amuseka kuti chikho cha dziko lonse alibe. Muyeso wotere uli ngati sikelo ya wogula nandolo wachinyengo, imawerenga malinga ndi yemwe waigwira.

Timu ya mu 1984 ija, ya Young Chimodzi, Jack Chamangwana, Clifton Msiya ndi Harry Waya, idagonja kwa Algeria 3-0, idafanana mphamvu ndi Nigeria 2-2 itatsogola ndi zigoli ziwiri, n'kugonja kwa Ghana 1-0. Idabwerako ndi pointi imodzi. Komabe akuluakulu amene adaiona amaitchula ndi ulemu mpaka lero, ndipo sindidamvepo wina akuwafunsa za chikho cha ku Ivory Coast. Pali Ernest Mtawali, yemwe ambiri amati luso lake pakati pa bwalo silidaonekenso kuno. Zaka zake zamphamvu adazithera ku South Africa m'nthawi ya tsankho, pamene dzikolo lidali lochotsedwa m'bungwe la FIFA, ndipo kusewera kumeneko kudamutsekera khomo la Flames kwa zaka zambiri. Mu 1985, ali ku Bloemfontein Celtic, adasankhidwa kukhala wosewera wa chaka m'dzikolo, ndipo pambuyo pake adakafika ku Toulouse ku France. Chikho cha 1988 alibe. Chidamumana ndi ndale za m'chigawo chino, osati mapazi ake.

Tsopano tiyeni tione zomwe mbadwo wa Mponda udachita, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani. Pa 14 Juni 2008, pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, Malawi idakumana ndi Egypt. Egypt imeneyo sidali timu wamba. Idali itatenga chikho cha AFCON mu 2006, n'kuchitenganso mu Febuluwale 2008 ku Ghana, miyezi inayi yokha m'mbuyomo, ndipo idadzachitenganso kachitatu mu 2010. Palibe dziko lina mu Africa lidachitapo zimenezi. Kinnah n'kuti atangoitenga kumene timuyi ngati mphunzitsi. Masewero adayenda opanda chigoli mpaka nthawi yeniyeni itatha, ndipo m'mphindi zoonjezera Chiukepo Msowoya adaugwedeza ukonde. Ife kuno tidamvera pa wailesi, ndipo amene mudali pa boma tsiku limenelo mukukumbukira mabelu a njinga za kabaza kuchokera ku mlatho mpaka kumsika. Chaka chomwecho tidakwapula Djibouti 8-1, ndipo mu Okutobala tidagonjetsa DR Congo 2-1 n'kulowa m'ndime yotsiriza ya masewero odzigulira malo.

Mu Okutobala 2009 kudabwera Ivory Coast. Jacob Ngwira adamwetsa chigoli, ndipo alendowo adachita kulowetsa Didier Drogba, yemwe adamuyambitsa pabenchi, kuti adzabweze. Adabwezadi, masewero n'kutha 1-1. Pointi ngati imeneyo idathandiza kuti Malawi ibwerere ku AFCON patatha zaka 26.

Kenako pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, m'dziko la Angola. Algeria idali itangodzigulira malo ku mpikisano wa dziko lonse wa ku South Africa, itachotsa Egypt yomwe ija pamasewero a mkokemkoke ku Sudan. Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda adamwetsa chimodzichimodzi, masewero n'kutha 3-0, ngongole ya 1984 n'kubwezedwa ndendende. Algeria yomweyo idapitirira mpaka ndime ya matimu anayi mumpikisano womwewo, ndipo mu Juni idakafanana mphamvu ndi England 0-0 ku Cape Town. Choncho sitinganene kuti tidagonjetsa timu yofooka.

Funso langa kwa inu aphunzitsi a mbiri ndi ili: pa mulingo wa umboni, cholemera n'chiti, kugonjetsa Kenya mu fainolo ya mu 1979, kapena kugonjetsa akatswiri a Africa yonse mu 2008 ndi timu yopita ku World Cup mu 2010? Sindikuchepetsa akuluakulu aja ayi. Zambia ya mu 1978 idali yoopsa, ndipo kutenga chikho kwa eni ake ku Kenya si masewera. Koma mdani wa mu 2008 adali wamkulu kuposa aliyense amene timakumana naye mu CECAFA. Kusiyana kwake n'kwakuti masewero a mu 1979 adali ndi chikho pathebulo pambali pa bwalo, a mu 2008 adali ndi mapointi atatu basi. Amene adaganiza zoika chikho apa osati apo ndi akomiti a mabungwe, osati osewera.

Ndisawasambitse kwambiri anyamatawa, chifukwa zolakwa zawo ziliponso, ndipo wolemba mbiri wobisa zimenezi ndi sapota chabe. Ku Angola kuja, atagonja kwa eni bwalo 2-0, ankangofunika kufanana mphamvu ndi Mali kuti alowe m'ndime ya matimu asanu ndi atatu. Mphindi zitatu zoyambirira zisanathe n'kuti atamwa kale zigoli ziwiri, cha Frédéric Kanouté ndi cha Seydou Keita, masewero n'kudzatha 3-1. Mu Okutobala 2011 ku N'Djamena, akutsogola 2-1 ndi Chad, malo a ku AFCON ya 2012 ali m'manja, adalola chigoli kumapeto kwenikweni, malowo n'kupita kwa Tunisia. Mafainolo awiri a COSAFA aja, konse adayamba ndi kugonja pakhomo pawo ku Blantyre. Izi sizichitika mwangozi kanayi konse. Timuyi inkadziwa kugwetsa njovu tsiku limodzi, koma inkalephera kusunga nyama. Chimenechi ndi chilema chenicheni, ndipo poweruza mbadwowu tiyenera kuchilemba. Koma onani kuti apa tikuweruza timu, pamodzi ndi aphunzitsi ake, okonza maulendo ake, ndi amene ankasunga thumba la ndalama. Sitinafike poti Mponda sankadziwa kutchinga, kapena kuti Kanyenda, yemwe adachoka ku Dwangwa n'kukafika ku Rostov ndi ku Lokomotiv Moscow m'dziko la Russia, sankadziwa golo.

Ife a kunyanja izi siziyenera kutivuta kumva. Pa chilimira pamakhala siginala, munthu wokhala pabwato la nyali amene amawerenga madzi n'kudziwa pomwe usipa wasonkhana ndi nthawi yoponya khoka. Siginala akhoza kukhala wodziwa kuposa onse pa doko, koma ngati khoka lili long'ambika, injini ikuzimazima, alovi awiri abwera ataledzera, kapena mwera wauka pakati pa usiku, abwerako ndi zitini ziwiri. Padoko palibe amene amati siginala ameneyu ndi wachabe chifukwa cha usiku umodzi, ngakhale nyengo imodzi. Eni zilimira amamulimbirana ndithu, chifukwa iwo amaona zomwe munthuyo amachita ndi zipangizo zomwe wapatsidwa. Asodzi amasiyanitsa luso la munthu ndi mwayi wa gulu, koma ife ophunzira tikafika pa mpira timalephera.

Chitsanzo chomwe chimandithetsera mtsutsowu chili kwa anansi athu ku Zambia. Kalusha Bwalya adamwetsa zigoli zitatu pamene Zambia idakwapula Italy 4-0 pa masewero a Olympics ku South Korea mu 1988, ndipo chaka chomwecho adasankhidwa kukhala wosewera wa chaka mu Africa. Pa 27 Epulo 1993 ndege yonyamula timu ya Zambia kupita ku Senegal idagwera m'nyanja kufupi ndi Libreville ku Gabon. Anthu onse 30 adafa, 18 mwa iwo osewera. Kalusha adapulumuka chifukwa ankasewera ku PSV Eindhoven ku Netherlands ndipo amayenera kukakumana ndi anzakewo ku Dakar. Adatsogolera timu yongotoleratolera, yomwe mu Okutobala chaka chomwecho idangotsala pang'ono kupita ku World Cup, koma idagonja 1-0 kwa Morocco ku Casablanca pamene inkangofunika kufanana mphamvu. Mu Epulo 1994, chaka chisanakwane chichitikire ngoziyo, timu yomweyo idafika fainolo ya AFCON ku Tunis. Elijah Litana adatsogoza Zambia, koma Emmanuel Amunike adamwetsa ziwiri, Nigeria n'kutenga chikho. Mu 1996 Zambia idathera pachitatu, Kalusha ali womwetsa zigoli zambiri mumpikisanowo.

Chikho chidabwera pa 12 Febuluwale 2012, mumzinda womwewo wa Libreville, Zambia itagonjetsa Ivory Coast 8-7 pamapenate. Kaputeni adali Christopher Katongo, penate yotsiriza adamenya Stoppila Sunzu, ndipo Kalusha adali atavala suti ngati mtsogoleri wa bungwe la mpira la dzikolo. Katongo adasewera bwino kwambiri mumpikisano umenewo, ulemu wake tisamulande. Koma pitani ku Chipata kapena ku Lusaka mukafunse kuti wosewera wamkulu m'mbiri ya Zambia ndani. Mtsutso ukakhalapo, ukhala wa pakati pa Kalusha ndi Godfrey Chitalu, anthu awiri amene sadatengepo AFCON. Dziko lomwe chikho lili nacho silikuyeza akatswiri ake ndi chikhocho. Nanga ife opanda chikho tikuumiriranji?

Usiku womwewo ku Libreville, Drogba adaponya penate kumwamba masewero ali mkati. Adasiya kusewerera dziko lake mu 2014, ndipo Ivory Coast idatenga chikho mu 2015 iye kulibe. George Weah adalandira Ballon d'Or mu 1995, mpaka lero yekhayo woimira dziko la mu Africa amene adailandira, koma Liberia sidapiteko ku World Cup ndipo ku AFCON sidadutsepo ndime ya m'magulu. Ferenc Puskás wa ku Hungary adagonja fainolo ya dziko lonse mu 1954, Johan Cruyff wa ku Netherlands mu 1974. Eusébio, wobadwira ku Lourenço Marques komwe lero ndi Maputo, adamwetsa zigoli 9 ku World Cup ya 1966 n'kuthera pachitatu ndi Portugal. Za Lionel Messi mukuzidziwa: mpaka 2022 ena ankati n'ngoperewera, ngati kuti mapenate a usiku umodzi ku Qatar ndiwo adamuphunzitsa mpira ali ndi zaka 35.

Pali chifukwa china chomwe nkhaniyi imandikhudzira ine monga mphunzitsi wa mbiri, ndipo n'chokhudza kusunga umboni. Mu 2012 Messi atamwetsa zigoli 91 m'chaka chimodzi, kuposa 85 za Gerd Müller za mu 1972, a ku Zambia adadzuka n'kunena kuti Chitalu, ali ku Kabwe Warriors, adamwetsa 107 m'chaka chomwecho cha 1972. Bungwe la FIFA lidakana kulowererapo, lidati silisunga ziwerengero za maligi a m'mayiko. Mwini wake sakadatha kudziyankhira, poti adafera m'ndege ija ya ku Gabon ali mphunzitsi wa timu. Taonani tsono zomwe zimachitika ngati dziko silisamala zolemba zake: ntchito ya munthu imasanduka mphekesera.

Kwathu kuno zinthu n'zovutirapo. Wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba mu 1999. Zigoli za Kinnah, zenga za Lawrence Waya, zonse zija zidafika kwa anthu ambiri kudzera m'mawu a oulutsa a MBC, anthu atazungulira wailesi ya mabatire pakhonde la golosale ku Namwera, ku Malindi, ku Monkey Bay kapena ku Makanjira. Ine wa zaka za m'ma 40 Kinnah sindidamuone akusewera, ndimamudziwa kudzera mwa malume anga ndi aphunzitsi anga a kupulayimale. Anthu amenewa akutha mmodzimmodzi. Jack Chamangwana adatisiya mu 2018. Akadzatha onse, chotsala chidzakhala mndandanda wa zikho, mizere itatu: 1978, 1979, 1988. Mwana wa mawa wowerenga mizere itatuyo adzaganiza kuti kuyambira 1989 m'Malawi mudalibe wodziwa mpira. Ndiye muyeso wa chikhowu kwa anzathu a ku Ulaya ndi nkhani yocheza chabe, poti iwo masewero aliwonse adawajambula ndipo mwana akhoza kudzionera yekha Cruyff pa YouTube. Kwa ife ndi chofufutira.

M'kalasi sitichita zimenezi. John Chilembwe adaukira atsamunda mu Januwale 1915, ndipo pasanathe masabata awiri n'kuti zonse zitatha, iye ataphedwa, tchalitchi chake cha ku Mbombwe chitagwetsedwa. Timamuphunzitsa, nkhope yake ili pa ndalama, ndipo pa 15 Januwale sitipita kuntchito. Makanjira ndi Jalasi a kwathu kuno adagonja kwa asilikali a Harry Johnston mu 1895, koma palibe amalemba mbiri ya boma lino osawatchula. Wophunzira wa Fomu 3 atalemba kuti Chilembwe ndi wosafunika chifukwa sadapambane, tonse tingamulembe ndi cholembera chofiira kuti afotokoze zomwe ankalimbana nazo, zida zomwe adali nazo, ndi zomwe zidasintha pambuyo pake. Mafunso omwewa ndi amene ndimafunsa za wosewera mpira. Adakumana ndi yani, ndipo adachita chiyani tsiku lomwe mdani adali wamkulu? Adakhala pamwamba zaka zingati, kapena adangowala nyengo imodzi ngati bowa? Omwe ankalimbana naye ankamuopa? Makalabu akunja, amene sagula munthu chifukwa cha chisoni, adatulutsa ndalama? Ndipo atachoka, chidatsala n'chiyani?

Paja nafenso aphunzitsi timayezedwa ndi chikho chathu, zotsatira za MSCE. Mnzathu wa ku CDSS ya kumudzi, wopanda labu, mabuku asanu kalasi yonse, ana ake theka akujomba nyengo ya usipa, akakhozetsa ana khumi amaoneka wolephera pomuyerekeza ndi wa kusukulu yogonera komweko yomwe idasankhiridwa ana okhoza kale. Tonse m'chipinda cha aphunzitsi timadziwa kuti kuyeza kotere n'kopanda chilungamo, timadandaula chaka ndi chaka. Tikatuluka n'kukakhala pa bawo, timatenga muyeso womwewo n'kumukwapula nawo Joseph Kamwendo.

Ndiye chigamulo changa ndi ichi, ndipo amene akutsutsa abwere ndi umboni. Kinnah Phiri ndimamuika pamwamba pa onse, koma osati chifukwa cha zikho ziwiri zija. Zikadakhala zikho, ndiye kuti aliyense amene adakhala pabenchi mu 1978 ndi 1979 ndi wofanana naye. Ndimamuika pamenepo chifukwa cha zigoli 71, komanso chifukwa adabwerera kudzatenga ana a anzake n'kuwafikitsa komwe iye sadafike: Bullets m'ndime ya m'magulu ya CAF Champions League mu 2004, itachotsa Orlando Pirates panjira, ndi Flames ku Angola mu 2010. Mtawali ndimamuika pambali pake pa luso. Peter Mponda ndimamuika pamzere umodzi ndi Chamangwana ndi Chimodzi ngati otchinga kumbuyo ndi atsogoleri a timu, ngakhale awiriwo ali ndi mendulo za CECAFA zomwe iye alibe. Adatsogolera timu yomwe idaletsa Egypt ndi Algeria kumwetsa ngakhale chigoli chimodzi, adakhala msanamira ya Flames zaka zoposa khumi, ndipo mu 2024 adaonetsa kuti mpira adaumvetsa potenga ligi ngati mphunzitsi wa Silver Strikers. Gabadinho Mhango, ndi zigoli zake ziwiri zogonjetsera Zimbabwe ndi chija chapatali adamwetsa Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, pamene Flames idadutsa ndime ya m'magulu koyamba m'mbiri, nayenso ali pakhomo la gulu limeneli. Pa iye tidzaweruza bwino akadzapachika nsapato.

Amene mukadaumirirabe pa chikho, ndikusiyireni ntchito ya kunyumba, ya ana a banja limodzi a ku Rumphi. Mu Okutobala 2023 timu ya amayi, ma Scorchers, idatenga chikho cha COSAFA ku South Africa itagonjetsa Zambia 2-1. Temwa Chawinga adali pomwepo, ndipo ndiye adamwetsa zigoli zambiri mumpikisanowo. Chaka chotsatira adakamwetsa 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current n'kusankhidwa wosewera wopambana onse, ngakhale timu yake sidatenge ligi chaka chimenecho. Mkulu wake Tabitha pa chikho cha COSAFA chija padalibe, adali kukalabu yake ku France. Tabitha yemweyo adatsogola pomwetsa zigoli mu ligi ya Italy ali ku Inter, n'kudzatsogolanso mu ligi ya France ali ku Paris Saint-Germain, ndipo konse kuwiri ligi idapita kwa ena. Mu 2024 dzina lake lidalowa pa mndandanda wa osewera 30 opikisana pa Ballon d'Or ya amayi, Mmalawi woyamba kufika pamenepo. Pachithunzi cha onyamula chikho cha 2023 pali atsikana oposa makumi awiri ovala mendulo, ndipo Tabitha palibepo. Mundiuze kuti mwa iwowo, kupatula mng'ono wakeyo, ndani amene mungamuike patsogolo pake.